Ngolo ya alenje a ku Alaska yokokedwa ndi ATV

Mwezi wa Seputembala ukafika ku Alaska, chigawo cha kumpoto kwenikweni kwa dziko la America, alenje amalowa m'tchire kukasaka moose. Nyamayi ndi ya m'banja la agwape, koma palibe ina m'banjamo yoifikira kukula: yamphongo yokhwima imalemera makilogalamu 540 mpaka 725. Ikagwa ndi pamene ntchito yeniyeni imayamba. Mnofu wokha umapitirira makilogalamu 200, ndipo kawirikawiri nyamayi imagwera kudambo, kutali ndi msewu. Lamulo la kumeneko silinyengerera: mlenje atulutse nyama yonse yodyedwa, ndipo nyanga, zimene ambiri amanyadira, zisatsogole nyamayo potuluka m'tchire. Wosiya nyama kuti iwole amalipira chindapusa, mwinanso kukagona kundende.

Chothandiza alenje ambiri ndi ATV, njinga yamoto ya matayala anayi onenepa. Kampani ya Honda inayamba kugulitsa ya matayala atatu mu 1970, Suzuki n'kubweretsa ya matayala anayi mu 1982, ndipo mu 1988 za matayala atatu zija zinasiya kugulitsidwa ku America chifukwa zinkagubuduzika n'kuvulaza anthu. Koma ATV payokha imanyamula katundu wochepa. N'chifukwa chake pamafunika ngolo, imene alenjewo amaitcha meat wagon. Zilipo zogula, koma ambiri amawotcherera yawo, poti njira ya kumene amasaka amaidziwa ndi eni ake.

Wopanga ngolo ayambe watsegula buku la ATV yake n'kuona malire a katundu woti ikoke. Honda Rancher, mwachitsanzo, imaloledwa kukoka makilogalamu 385, ndipo m'chiwerengerochi muli kale kulemera kwa ngoloyo. Chitsulo chilichonse chosafunika chimalanda malo a nyama. Mapaipi a makona anayi, otambalala masentimita 5 ndi ochindikala mamilimita 3, amakwana kupangira chimango. M'lifupi ngolo isapitirire ATV, imene nthawi zambiri imakhala ya masentimita pafupifupi 120, kuti matayala ake azidutsa mmene mwadutsa matayala a ATV ndipo isamakodwe pakati pa mitengo.

Pa matayala ndi pamene luso la mmisiri limaonekera. Matayala opyapyala a ngolo za pamsewu amatitimira m'matope nthawi yomweyo. Ofunika ndi onenepa, opopedwa pang'ono, mpweya wa 5 psi kapena chapompo, kuti azitambasuka pa nthaka yofewa. Wanzeru amasankha marimu a mabowo ofanana ndi a ATV yake, kuti tayala limodzi lapadera lizithandiza konsekonse.

Ngolo ya matayala awiri ndi yosavuta kupanga, koma ikagunda chitsa imadumpha ndi katundu yense. Yabwino kwa mlenje wa moose ndi ya matayala anayi oikidwa mwa njira yotchedwa walking beam. Mbali iliyonse ya ngolo imakhala ndi mtanda wachitsulo. Tayala lina kutsogolo kwa mtandawo, lina kumbuyo, ndipo pakati pake pali pini yaikulu yolumikiza mtanda ku chimango. Tayala lakutsogolo likakwera chipika, mtanda umapendekeka pa pini paja, lakumbuyo lili pansi ndithu. Kenako lakutsogolo limatsika, lakumbuyo n'kukwera. Ngoloyo imangonyamuka theka la msinkhu wa chipikacho, ngati ikuchita kuyenda n'miyendo. Pini imeneyi ndiyo imasenza zonse, choncho siyofunika kuumira: ikhale yachitsulo cholimba, yokhala ndi pothirira girizi. Pansi pa ngolo pakhale posalala, popanda mabawuti otulukira oti n'kukola zitsamba.

Cholumikizira ku ATV nacho n'chofunika kuchiganizira mofatsa. Cha mpira wachitsulo, chimene amakokera ngolo za galimoto, chimapendekeka pang'ono chabe. Pamalo otsetserekera m'mbali ngolo ikagubuduzika, imatha kupotokola ATV n'kugwetsa woyendetsa. Alenje ambiri amaika cholumikizira chotha kuzungulira chonse, kuti ngolo ikagwa igwe yokha. Chitsulo chokokera chitalike mokwanira kuti pokhota kwambiri ngolo isamakhudze matayala akumbuyo a ATV. Matayala a ngolo akhale chakumbuyo pang'ono kwa pakati, kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse lizitsamira pa cholumikizira. Aliyense amene anapakirapo chimanga m'ngolo ya ng'ombe amazidziwa izi: katundu akachuluka kumbuyo goli limanyamuka, akachuluka kutsogolo ng'ombe zimalemedwa m'khosi.

Bokosi lake ndi nkhani yaifupi. Pulayiwudi kapena malata a aluminiyamu amakwana, bola pansi pakhale mabowo otulutsira madzi ndi magazi, ndipo m'mbali mukhale mphete zomangirira zingwe. Nyama imafuna kuzizira, kuuma ndi ukhondo, choncho imakulungidwa m'matumba ansalu opitisa mpweya, osati m'mapulasitiki. Zigubu za petulo zikhale ndi malo awoawo kutsogolo, kutali ndi nyama, chifukwa fungo lake likalowa mu mnofu silichokanso.

Chimene chimagwetsa ulesi alenje ambiri m'tchire ndi mabering'i. Ngolo ikawoloka mitsinje, madzi ndi mchenga zimalowa mkati n'kudya girizi, kenako tayala limayamba kulira ndi kugwedera. Girizi wosalowa madzi, wofanana ndi wa ngolo zonyamulira maboti, ndiye woyenera, ndipo mabering'i apadera ndi zomasulira zisamasowe m'bokosi la zida.

Ngolo yatsopano iyesedwe pakhomo ndi matumba a mchenga olemera ngati nyama, nthawi ya uzimba isanafike. Ngolo zambiri zotere zilibe mabuleki, ndiye potsetsereka zimakankha ATV kuchokera kumbuyo. Woyendetsa atsike ndi giya yaing'ono, mwapang'onopang'ono, ndipo munthu asakwere m'ngolomo. Pomaliza, mlenje afunse malamulo a dera limene akupita. Ku Alaska kuli madera ena kumene kusaka ndi galimoto kapena ATV n'koletsedwa, ndipo nthaka yofewa ya kumeneko ikakumbika ndi matayala imatenga zaka zambiri kuti imerenso. Kumene n'kololedwa, ngolo iziyenda m'njira zimene zilipo kale.