Mota Zamagetsi Zogwira Ntchito M'madzi: Mafunso ndi Mayankho pa Mapampu a M'mijigo ya ku Petauke ndi ku Nyimba

Kodi mota yamagetsi imagwira ntchito yanji pansi pa madzi?

Zipangizo zambiri zimene zimakhala m'madzi zimafunika kuzungulira, kukankha, kutseka kapena kutsegula, chonsecho pamene zili sipafika dzanja la munthu. Ntchitoyi imagwiridwa ndi mota yamagetsi yotsekeredwa m'chitsulo chosalowa madzi. M'kati mwa mota muli mawaya a kopa okulungidwa, ndipo magetsi akadutsamo amabala mphamvu ya maginito imene imazunguza chitsulo chapakati. Kuzungulirako kukadutsa m'magiya, liwiro limachepa koma mphamvu yokankha imakula, mpaka kukwanira kutseka valavu yaikulu. Chipangizo chotere amisiri amachitcha actuator. Kuzungulira komweko kukapita ku mapiko okankha madzi, chipangizocho chimakhala pampu yomira.

Ku Petauke ndi ku Nyimba, m'chigawo cha Kum'mawa cha Zambia, mota yomira imene anthu amakhala nayo pafupi ndi ya pampu ya mu mjigo. Imapezeka pa masukulu, pa zipatala za kumidzi, m'minda yothirira ndiponso pa nyumba za m'tauni. Munthu woyenda pa msewu wa Great East amangoona thanki pamwamba pa zitsulo ndi mapanelo a sola pambali pake, koma chimene chikudzaza thankiyo chili pansi pa nthaka, m'madzi.

N'chifukwa chiyani mota imamizidwa, m'malo moikhazika pamwamba pouma?

Pampu yokhala pamwamba imakoka madzi pochotsa mpweya mu paipi, ndipo chimene chimakweza madziwo ndi kulemera kwa mpweya wa kunja. Kulemera kumeneku kuli ndi malire. M'mphepete mwa nyanja yamchere sikungakweze madzi kupitirira mamita 10, ndipo pampu yeniyeni imalekeza pa mamita 7 kapena 8. Pa malo okwera ngati Petauke mpweya ndi wopepukirapo, choncho malirewo amatsikanso. Ichi ndi chifukwa chake injini ya petulo kapena pampu yopalasa ndi mapazi imathandiza kudimba, kumene madzi ali pafupi, koma pa mjigo wakuya singachite kanthu. Pampu yomira imakhala pansi pa madziwo n'kumawakankhira m'mwamba, ndipo kukankha kumangodalira mphamvu ya mota ndi kulimba kwa mapaipi.

Nzeru imeneyi inayambira ku migodi ya mafuta. Armais Arutunoff, katswiri wa ku Armenia wobadwira mu ufumu wa Russia, anapanga mota yopyapyala ndi yaitali yoti ilowe m'dzenje lobowola, ndipo mu 1928 pampu yake inagwira ntchito m'chitsime cha mafuta ku Kansas, ku America. Mapampu a m'mijigo ya lero, kaya ndi a Grundfos ya ku Denmark, a Lorentz ya ku Germany, kapena otsika mtengo ochokera ku China ndi ku India, amatsata kamangidwe komweko: mota pansi, polowera madzi pakati, pampu pamwamba, zonse m'chitsulo chimodzi chachitali. Ambiri ndi a mainchesi 3 kapena 4 m'mimba mwake.

Madzi ndi magetsi sizigwirizana. Nanga madzi amalekeranji kulowa mu mota?

Madzi amapanikiza chilichonse chili m'kati mwake, ndipo pa mamita 10 alionse otsika pansi, kupanikizako kumawonjezeka ndi bar imodzi. Mota imene ili mamita 40 pansi pa madzi ikupanikizidwa ndi ma bar 4 owonjezera, usana ndi usiku, ndipo madziwo amafunafuna kampata kalikonse.

Opanga mota salimbana ndi mphamvu imeneyi ndi chitsulo chokhuthala chokha. Amadzaza mota ndi mafuta apadera kapena ndi madzi oyera kuti m'kati musakhale mpweya, kenako amaika kachikopa ka labala kamene kamafutukuka ndi kufinyika, kuti kupanikiza kwa m'kati kuzifanana ndi kwa kunja. Mbali ziwirizi zikafanana, madzi a kunja alibe chowakankhira m'kati. Mu mota zambiri zodzazidwa madzi, mawaya a kopa amaumbidwa mu utomoni wolimba n'kutsekeredwa m'chitsulo chosachita dzimbiri, kotero madzi amangofika pa chitsulo chozungulira ndi pa mabering'i. Pamene chitsulo chozungulira chimatulukira pali zotsekera zimene zimaletsa madzi akuda ndi mchenga.

Malo ofooka kwambiri sakhala pa mota yeniyeniyo. Amakhala pa mfundo yolumikiza kebulo ya mota ndi kebulo yaitali yokwera pamwamba. Mfundo imeneyi imafuna utomoni kapena machubu ofinyika ndi moto opangidwira ntchitoyi. Tepi wakuda wamba amagwira kwa kanthawi, kenako madzi amalowa, ndipo mota yabwinobwino imanenedwa kuti yapsa pamene cholakwika ndi mfundo.

Njira yofananitsa kupanikiza ndi yomweyo imene imagwira ntchito pansi pa nyanja zazikulu. Ku Mozambique, chombo cha Coral Sul chinayamba kutumiza gasi kunja mu 2022, kuchokera ku zitsime zimene zili pansi pa madzi akuya mamita pafupifupi 2,000, kumene kupanikiza kumafika ma bar pafupifupi 200. Kwa zaka zambiri mavalavu a zitsime za pansi pa nyanja akhala akuyendetsedwa ndi mafuta opanikizidwa, odutsa m'mapaipi ataliatali. Mu 2008 kampani ya Total inaika mavalavu oyendetsedwa ndi mota zamagetsi pa zitsime za K5F, ku gawo la Netherlands la North Sea. Ubwino wake ndi wakuti magetsi amafika msanga, satayikira m'nyanja, ndipo mota imatha kudziwitsa woyendetsa pamene valavu yafika.

Kodi mapampu onse omira ndi ofanana?

Ayi, alipo a mitundu iwiri. Wina uli ndi mapiko ozungulira osanjikizana, lililonse likulandira madzi kwa linzake n'kuwonjezera mphamvu. Mapiko akachuluka, madzi amakwera patali. Mtundu uwu umatulutsa madzi ambiri, koma umafuna liwiro lokwanira. Wina uli ndi chitsulo chopotoka chimene chimazungulira m'kati mwa labala, n'kumakankha madzi pang'onopang'ono. Anautulukira René Moineau wa ku France cha m'ma 1930. Umatulutsa madzi ochepa koma umawakweza patali ngakhale mota ikuyenda mofatsa, choncho umayenera mjigo wakuya wa madzi ochepa woyendera sola.

Chimapha mota yomira ndi chiyani makamaka?

Kusowa madzi. Mota ikamagwira ntchito imatentha, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi madzi omwe amadutsa m'mbali mwake popita kolowera. Madzi akatsika mpaka pampu kuyamba kumeza mpweya, mota imatentha, mapiko a pulasitiki amasungunuka, ndipo labala wa pampu yopotoka amapsa m'kanthawi kochepa.

Vuto limeneli ndi lalikulu ku Petauke ndi ku Nyimba chifukwa cha miyala ya kumeneko. Pansi pa gawo lalikulu la chigawo cha Kum'mawa pali thanthwe lakalekale lolimba, losasunga madzi mwa ilo lokha. Madzi amakhala m'gawo lofumbutuka la pamwamba pa thanthwe ndiponso m'ming'alu yake. Mjigo umene wagunda mng'alu waukulu umapatsa madzi ambiri, pamene wina wobowoledwa chapafupi ungapereke ochepa kwambiri. Mjigo wa madzi ochepa umakwanira pampu yamanja ngati India Mark II, imene imatulutsa malita osapitirira 1,000 pa ola, ndiponso imapuma anthu akamasinthana zidebe. Mota sipuma. Pampu yotulutsa malita 3,000 pa ola ikaikidwa mu mjigo umene umabwezera malita 1,000, madzi amatsika msangamsanga mpaka kufika polowera.

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama, pogula pampu yaikulu poganiza kuti kukula kwa mota ndiko kuchuluka kwa madzi. Madzi amachokera m'thanthwe, ndipo pampu singatulutse oposa amene mjigo ukulandira. Pampu isanagulidwe, mjigo uyenera kuyesedwa popopa kwa maola ambiri, akuyeza kutsika kwa madzi ndi nthawi imene amatenga kuti abwerere. Nyengo yoyesera nayonso ndi yofunika. Mjigo woyesedwa mu Malichi, nthaka itakhuta mvula, umaonetsa madzi ambiri kuposa amene udzakhale nawo mu Okutobala ndi Novembala, miyezi imene mudzi wonse ndi ziweto zomwe zimadalira mjigowo. Pamwamba pa polowera madzi pamayeneranso kumangidwa kachipangizo kozimitsa mota madzi akatsika. Ena amakachotsa poona kuti pampu ikuzimazima, koma kuzimako ndi chizindikiro chakuti mjigo sukukwanitsa.

Mchenga ndi mdani wachiwiri. Umadya mapiko ndi zotsekera, makamaka mu mjigo umene sunatsukidwe bwino utabowoledwa, kapena pamene pampu yatsitsidwa kufupi ndi matope a pansi. Mphenzi ya m'nyengo ya dzinja imawotcha kontrola, kabokosi koyendetsa mota, ndi mawaya a mota ngati palibe waya wotsitsira magetsi m'nthaka. Magetsi ofooka amaononganso, pakuti mphamvu ikatsika mota imakoka magetsi ambiri n'kutentha. Kebulo yopyapyala pa mtunda wautali imabweretsa vuto lomwelo.

Chabwino n'chiti, magetsi a ZESCO kapena sola?

Magetsi a kampani ya ZESCO, a mavoti 230 a m'nyumba kapena 400 a mawaya atatu, amayendetsa mota wamba yosavuta kuipeza, ndipo amapopa ngakhale usiku. Koma midzi yambiri ili kutali ndi mapolo. Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale, chinatsitsa madzi a damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Mapampu odalira ZESCO anaima pa nthawi imene madzi ankafunika koposa.

Pampu ya sola nthawi zambiri imakhala ndi mota ya maginito okhazikika, yopanda mabulashi, yoyendetsedwa ndi kontrola. Kontrola imasintha liwiro la mota molingana ndi dzuwa: m'mamawa imayenda pang'ono, masana imathamanga, madzulo imaima. Mphamvu yofunika si yaikulu monga ena amaganizira. Kukweza malita 1,000 pa mamita 50 kumafuna pafupifupi 0.14 kWh, ndipo poonjezera mphamvu yotayika mu mota, mu pampu ndi m'mapaipi, imafika cha pa 0.3 kWh. Mamita owerengedwawo amayambira pamene madzi amatsikira pampu ikupopa, mpaka pakamwa pa thanki. Mabatire ndi osafunikira kwenikweni, chifukwa thanki yosunga madzi a masiku awiri imagwira ntchito yomweyo, ndipo imakhalitsa. Mu thanki mumaikidwa choyandama chimene chimazimitsa mota madzi akadzaza.

Nanga mavalavu ndi zitseko za madamu?

Kampani ya Eastern Water and Sanitation, imene likulu lake lili ku Chipata, ndiyo imapereka madzi a m'mipope m'matauni a Petauke ndi Nyimba. Pa ntchito za madzi zazing'ono mavalavu ambiri amazunguzidwa ndi manja, ndipo mota imafunika pamene valavu ndi yaikulu, ili patali, kapena ili m'dzenje lodzaza madzi nthawi ya mvula. Pa madamu akuluakulu, monga la Kariba limene lili ndi zitseko 6 zotayira madzi, makina okweza amakhazikidwa pouma, ndipo m'madzi mumalowa chitseko chokha. Kumene mota ingakhale pouma, amisiri amaisiya pouma.

Kodi pali malamulo okhudza mjigo wa pampu yamagetsi?

Alipo. Bungwe la WARMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2011, limayang'anira madzi a pansi pa nthaka. Malamulo a 2018 amafuna kuti obowola akhale ndi laisensi ndiponso kuti mijigo ilembetsedwe. Mjigo uyenera kutalikirana ndi chimbudzi mamita osachepera 30, ndipo pampu yamphamvu imakoka madzi kuchokera patali kuposa yamanja, choncho mtundawu sufunika kuuchepetsa.

Pampu ikafa, chimachitika n'chiyani?

Kufufuza kumayambira pamwamba: mapanelo, fyuzi, nyali za pa kontrola, choyandama cha mu thanki, kenako kuyeza mawaya opita pansi. Zolakwika zambiri zimapezeka pamenepa pampu isanatulutsidwe. Ikafunika kutuluka, magetsi amazimitsidwa kaye, kuphatikizapo a mapanelo, amene amakhalabe amoyo dzuwa likawala. Pampu imakokedwa ndi paipi yake ndi chingwe chotetezera, osati ndi kebulo, pakuti kebulo ikaduka pampu imagwera pansi ndipo ingatseke mjigo wonse.

Makomiti a madzi otchedwa V-WASHE ndi amisiri a mijigo a m'midzi anazolowera pampu yamanja, imene zida zake ndi zotsika mtengo. Pampu yamagetsi imakhala zaka osafuna kanthu, koma ikafa imafuna ndalama zambiri pa kamodzi, ndipo ngati yamanja inachotsedwa, anthu amabwerera kukatunga kudambo. Chifukwa chake zopereka za mwezi ndi mwezi ziyenera kuyamba pampu ikadali yatsopano. Komiti iyeneranso kusunga m'kaundula kuya kwa mjigo, kuya kumene pampu inaikidwa, zotsatira za kuyesa madzi, ndi mtundu ndi nambala za mota ndi kontrola, kuti mmisiri wochokera ku Chipata kapena ku Lusaka abwere ndi chipangizo chogwirizana ndi mjigowo.