Malo ogona alendo m'minda ya tiyi ku Thyolo: mafunso ndi mayankho

Mukachoka ku Limbe pa msewu wa M2 kulowera ku Mulanje, mukangodutsa Bvumbwe maso amakumana ndi zitunda zobiriwira za tiyi, ndipo ikakhala nyengo ya chiperoni nkhungu imakhala yakuta nsonga za mapiri. Kukongola kumeneku n'komwe kumakopa anthu ofuna kumanga malo ogona alendo. Koma boma la Thyolo ndi lothinana. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 700,000, nthaka yabwino yambiri ili m'manja mwa maesiteti, ndipo nkhalango yachilengedwe yatsala zigambazigamba. M'munsimu muli mafunso amene eni ndalama, mafumu ndi anthu a m'midzi amakonda kufunsa.

Kodi malo otere alipo kale?

Alipo. Pa esiteti ya Satemwa, yomwe Maclean Kay adayambitsa mu 1923, pali Huntingdon House. Idamangidwa mu 1928 ngati nyumba ya banja lake, ndipo lero ili ndi zipinda zisanu zogona alendo. Pa esiteti yomweyo pali Chawani Bungalow, pomwe ku Bvumbwe kuli Game Haven Lodge. Phunziro la Huntingdon House ndi loti nyumba yomwe idalipo kale idangosinthidwa ntchito. Alendo amayenda m'minda, amalawa tiyi ndi kuona mbalame popanda kuswa mphanje yatsopano.

Ndani amapereka chilolezo chomanga?

Khomo loyamba ndi khonsolo ya boma la Thyolo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 lidaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya kamangidwe, kusiyana ndi kale pomwe zimenezi zinkakhudza kwambiri mizinda ndi matauni. Choncho womanga loji kumudzi ayenera kupereka mapulani ake ku khonsolo monga momwe angachitire womanga ku Blantyre. Koma khonsolo si yokha. Bungwe la MEPA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limaunika momwe ntchitoyo ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Bungwe la National Water Resources Authority limapereka chilolezo chopopa madzi mumtsinje kapena pansi. Nthambi ya zankhalango imalowapo ngati malowo akukhudza nkhalango yotetezedwa, ndipo nthambi ya zokopa alendo ndiyo imavomereza kuti pamalopo pazigona alendo olipira.

Ngati nthaka ndi yanga, bwanji ndipemphenso kwa wina?

Chifukwa chikalata cha umwini chimanena za mwini nthaka, osati za chilichonse chimene angachite nayo. Munda wa tiyi ukasanduka malo a bizinesi yogoneka anthu, ntchito ya nthakayo yasintha, ndipo kusinthako kumafuna chilolezo. Chifukwa china n'chooneka ndi maso: madzi satsata malire a pa pepala. Mtsinje wa Nsuwadzi ukadetsedwa kumtunda, amene amwe zonyansazo ndi mayi wotunga madzi kumunsi, yemwe sadalowepo pageti ya lojiyo.

Nanga mfumu ikandipatsa malo, si zokwanira?

Ayi. Mawu a nyakwawa, a gulupu ndi a mfumu yaikulu ndi olemera, ndipo wolowa m'mudzi osadzera kwa iwo wayamba kale molakwika. Komabe lamulo la Customary Land Act la 2016 lidabweretsa makomiti a zamalo m'midzi kuti nthaka ya makolo isamagawidwe ndi munthu mmodzi. Kuno ku Thyolo mabanja ambiri ndi a chikamwini, ndipo munda umayenda kudzera kwa amayi. Mgwirizano wosainidwa ndi bambo yekha kapena malume yekha, amayi a mbumbayo osadziwa, ndi mlandu womwe ukungodikira tsiku lake.

Kodi m'nkhalango yotetezedwa mungamangidwe loji?

Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe lidakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kudula mitengo, kulima kapena kumanga m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya zankhalango. Chilolezo n'chotheka, koma ku Thyolo yankho loyenera ndi kukana paliponse pamene pakufunika kugwetsa mtengo wachilengedwe. Nkhalango ya m'phiri la Thyolo idatha pafupifupi yonse kuchokera m'zaka za m'ma 1990 kufika kumayambiriro kwa m'ma 2000, anthu osowa polima atakwera ndi makasu ndi nkhwangwa. Zigamba zomwe zatsala, zina mwa izo m'malire a Satemwa, n'zochepa kwambiri moti sizingaperekenso malo a msewu, khitchini ndi poimika magalimoto.

N'chiyani chili m'zigambazo chofunika kutetezedwa chotere?

Choyamba ndi akasupe. Mitsinje yomwe imamwetsa midzi ndi kuthirira minda imayambira mumthunzi wa mitengo imeneyi. Chachiwiri ndi zamoyo zosowa. Pali kambalame kotchedwa Thyolo alethe, komwe kadatenga dzina la phiri lomweli. Kamakhala pansi pa nkhalango yowirira, ndipo kamatsatira mizere ya linthumbu n'kumatola tizilombo tomwe tikuthawa. Kunja kwa Thyolo ndi Mulanje kamapezeka m'mapiri owerengeka, monga Namuli, Mabu ndi Chiperone ku Mozambique, ndipo kali pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo chotheratu. Pali alendo amene amawoloka nyanja kudzaona kambalame kameneka. Womanga loji pochotsa nkhalango yake wawotcha nkhokwe yomwe amati adzidyamo.

Kodi khonsolo iyenera kuyang'ana chiyani isanavomereze?

Iyambe ndi kutsetsereka kwa malo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adagumula mapiri m'chigawo chakumwera ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Kusema chitunda chopanda mitengo kuti pakhale chipinda chooneka patali ndi kuika moyo wa mlendo ndi wa okhala kumunsi pachiswe. Kenako ifunse za madzi: achokera kuti, ndipo mu Okutobala, zitsime zikamaphwa, adzatsala okwanira mudzi? Ifunse komwe zonyansa za m'zimbudzi ndi zinyalala zizipita. Ifunse za moto wophikira ndi wotenthetsera madzi osamba, chifukwa loji yogula makala ikudula nkhalango ndi dzanja la munthu wina. Ifunsenso za njerwa, poti malamulo a mu 2018 a NCIC, bungwe loona za zomangamanga, adaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zikuluzikulu za boma ndi zamalonda. Potsiriza iyende pamalopo ndi anthu a m'deralo, ione njira za kumanda, kusukulu, kuchigayo ndi kumadzi, kuti mpanda usazitseke.

Bwanji nkhani ya malo imawawa kwambiri ku Thyolo?

Bala lake ndi lakale. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, adapereka zikalata zotsimikiza umwini wa nthaka yaikulu kwa azungu, ndipo anthu okhala pamenepo, kuphatikizapo Alomwe ochokera ku Mozambique, adakakamizidwa kugwira thangata kuti asachotsedwe. Ufulu wa 1964 udabwera, koma malire ambiri a maesiteti sadasunthe. Bungwe la People's Land Organisation, lotsogozedwa ndi Vincent Wandale, lidatchuka cha m'ma 2016 podandaula za nthaka ya maesiteti yongokhala ku Thyolo ndi ku Mulanje. Munthu wolima kamunda kosakwana ekala akaona udzu wothiriridwa ndi dziwe losambira alendo pa nthaka yomwe agogo ake adagwirapo thangata, mtima wake sukhala pansi. Khonsolo yoiwala mbiri imeneyi ikhoza kudinda mapulani olongosoka bwino, koma mtendere sudzakhalapo.

Kodi anthu a m'midzi amapindula chiyani?

Amapindula ndi zomwe zalembedwa, chifukwa malonjezo a pakamwa amauluka ndi mphepo. Ntchito zisathere pa ulonda ndi kuchapa. Achinyamata aphunzitsidwe kuphika, kusunga mabuku a ndalama, kutsogolera alendo ndi kuyendetsa malowo. Nthochi, mapeyala, ndiwo zamasamba ndi mkaka zigulidwe kwa alimi a pafupi, poti Thyolo ndi Bvumbwe n'kwawo kwa zimenezi. Alimi ang'onoang'ono a tiyi, monga a gulu la Msuwadzi, akhoza kulandira alendo m'minda yawo n'kulipidwa mwachindunji. Chitsanzo chili pafupi: ku Majete, m'boma la Chikwawa, komwe African Parks idayamba kuyang'anira mu 2003, kuli malo ogona m'matenti omwe phindu lake limapita kwa midzi yozungulira.

Ngati mudzi sukugwirizana nazo, ungatani?

Ulankhule maziko asanakumbidwe, pakuti madzi akatayika sawoleka. Kuunika kwa zachilengedwe kumafuna kuti okhudzidwa afunsidwe maganizo, ndipo msonkhanowo uzichitika m'chinenero chomwe anthu akumva, amayi alipo. Madandaulo adzere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ku komiti ya m'dera, kwa khansala ndi kwa bwanamkubwa, ndipo akhale olembedwa, okhala ndi tsiku. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zikalata ku maofesi a boma. Nayenso womanga amene wakanidwa ali ndi ufulu wochita apilo, ndipo makhoti ndi otsekukira mbali zonse ziwiri.

Kodi kukhwimitsa chonchi sikuthamangitsa eni ndalama?

Kumathamangitsa ofuna kukolola msanga n'kuchoka. Wofuna kukhalitsa amakondwa ndi lamulo lomveka, chifukwa limamutsimikizira kuti mnzake sadzamanga chinyumba kutsogolo kwa khonde lake kapena kuumitsa kasupe wake. Ku nyanja, m'madera ena a Mangochi, mipanda ya maloji idatsekera asodzi njira ya kudoko, ndipo mikangano yake sinathe mpaka pano. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, ndipo alendo opita kumeneko pa M2 amadutsa pa Thyolo. Ofuna kumanga achuluka, ndiye nthawi yoika malire ndi ino.

Tsono chigamulo chabwino n'chotani?

Ndi chovomereza nyumba zakale za maesiteti kuti zikonzedwe, chovomereza timalo tochepa pa nthaka yomwe idalambulidwa kale, ndi chokana kumanga m'nkhalango yotsala, m'mphepete mwa mitsinje ndi pa zitunda zotsetsereka. Chilolezo chilichonse chinene poyera za madzi, njira za anthu, mitengo yachilengedwe yoti idzalidwe ndi gawo la mudzi, ndipo khonsolo izibwerera kukaona ngati zikutsatidwa. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Iye adzagona masiku awiri n'kupita, koma othyola tiyi ndi ana awo adzatsala pompano. Inu a khonsolo, mafumu ndi eni maesiteti, musanadinde kapena kusaina pepala lililonse, kaimeni pa kasupe wa kumunsi kwa malowo ndipo mumve kwa amene amatunga pamenepo.