PHUNZIRO 14: TIRAKA MFUMU YA KUSI

Kuŵerenga: 2 Mafumu 19:8-19, Yesaya 31:1-3

Cholinga: Ana adziŵe kuti anthu a mu Afrika muno ali m'nkhani ya Hezekiya, ndi chimene Yesaya anachenjeza Ayuda.

Mau kwa aphunzitsi

Ambiri timadumpha dzina la Tiraka poŵerenga, koma iye sanali munthu wamba ai. Dziko la Kusi linali kumwera kwa Aigupto, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, kumene lero kuli Sudan. Likulu lake linali Napata. Cha m'ma 727 B.C. mfumu ya Akusi, Piye, inatsika ndi nkhondo nigonjetsa Aigupto, ndipo Akusi analamulira dziko lonselo zaka zoposa 50. Tsono pamene Yesaya adzudzula Ayuda chifukwa chothamangira ku Aigupto kukapempha akavalo ndi magareta, mafumu amene akuwanenawo ndiwo Akusi.

M'chaka cha 701 B.C. Sanakeribu wa ku Asuri anazinga midzi ya Yuda. Akusi anatuma gulu lankhondo, nakomana ndi Aasuri ku Elteke. Apa chenjerani: Tiraka analowa ufumu mu 690 B.C., ndiye kuti pa nthawi ya nkhondoyi anali kalonga chabe. Akuluakulu ambiri ophunzira amati mlembi anamtchula ndi ulemu umene anaulandira pambuyo pake, monga timanenera kuti "Abusa Uje anabadwira kwakuti", chonsecho sanabadwe ali mbusa.

Musamsandutse Tiraka mdani, pakuti anadza kudzalimbana ndi wozunza Ayuda. Musamsandutsenso mpulumutsi. Hezekiya atalandira kalata yoopseza, sanaitumize ku Napata, anakaifunyulula m'nyumba ya Yehova.

Udani wa maufumu aŵiriwa sunathere pomwepo. Esarahadoni, mwana wa Sanakeribu, analanda Memphis mu 671 B.C., ndipo mu 663 B.C. Aasuri anafunkha Thebes, mudzi umene Nahumu 3:8 autcha No-Amoni. Akusi anabwerera kwao, koma ufumu wao unakhalabe zaka ngati 1,000, likulu litasamukira ku Meroe. Mdindo wa pa Machitidwe 8 anachokera kumeneko.

Mafunso
1. Kusi ali m'dziko liti lero?
2. Hezekiya anachita nayo chiyani kalata ija?
3. Kodi kupempha thandizo kwa mnansi n'kulakwa? Nanga Yesaya anadzudzula chiyani?

Funso lachitatuli alekeni ana okulirapo atsutsane, musafulumire kuwayankhira. Aang'ono ajambule pansi mtsinje wa Nile, aike mwala pa Napata ndi wina pa Yerusalemu.