Kutola Kuwala Kumene Kuli Kochepa: Mabakiteriya Obiriwira a Sulufule

Tiwerenge magawo ali m'munsiwa mokweza, mosinthanasinthana. Tikafika pa liwu lachilendo tiime kaye mpaka aliyense alimvetse, kenako tikambirane mafunso ali kumapeto.

Gawo 1: Zimene tikudziwa kale

Kusukulu tinaphunzira kuti tsamba limatenga kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi n'kupanga chakudya, ndipo limatulutsa okosijeni. Ntchito imeneyi imatchedwa photosynthesis, ndipo utoto wobiriwira umene umagwira kuwalako ndi chlorophyll. Ambirife tinachoka m'kalasi tikuganiza kuti ntchitoyi imafuna dzuwa lowala bwino, ndiponso kuti nthawi zonse imatulutsa okosijeni. Tizilombo timene tiphunzire lero tikutiwongola pa mfundo zonse ziwirizi.

Mabakiteriya obiriwira a sulufule, a m'banja lotchedwa Chlorobiaceae, ndi aang'ono kwambiri moti maso sangawaone. Amakhala m'matope, mu akasupe otentha ndi m'madzi a pansi pa nyanja zina, kumene kulibe okosijeni, chifukwa mpweya umenewu umawapweteka. Pamene tsamba limagwiritsa ntchito madzi, iwo amagwiritsa ntchito hydrogen sulfide, mpweya uja wonunkha ngati dzira lovunda. Chotsalira chake si okosijeni koma timibulu ta sulufule timene timaunjikana kunja kwa selo.

Kusiyana kumeneku kunathandiza kwambiri sayansi. M'zaka za m'ma 1930, Cornelis van Niel anayerekeza mabakiteriya a sulufule ndi zomera. Anati ngati sulufule wa bakiteriya akuchokera ku hydrogen sulfide, ndiye kuti okosijeni wa tsamba akuchokera ku madzi, osati ku kaboni dayokisaidi monga ambiri ankaganizira. Kafukufuku wa pambuyo pake anatsimikiza kuti ankanena zoona.

Gawo 2: Vuto la mdima

Tiganizire malo amene bakiteriya ameneyu angakhale. Pamwamba pa madzi kuli kuwala kokwanira, koma kuli okosijeni. Pansi penipeni kuli hydrogen sulfide wambiri, koma kuli mdima. Iye ayenera kukhala pa malire, pamene mpweya wonunkha uja umalekezera ndipo kuwala pang'ono kumafikabe. Zamoyo zokhala pamwamba pake zimakhala zitatenga kale kuwala kwambiri, iye n'kumalandira zotsalira. Akalephera kugwira kachepako, sadya, sakula, sachulukana.

Anthu a kudera kumene mvula imagwa yochepa satchera madzi ndi kapu. Amadalira denga lalikulu, ngalande ya m'mphepete mwake ndi mgolo umodzi pansi. Bakiteriya wathuyu nayenso ali ndi denga, ngalande ndi mgolo wake. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Gawo 3: Denga, kathumba ka utoto

M'chaka cha 1964, Germaine Cohen-Bazire, Norbert Pfennig ndi Riyo Kunisawa anafotokoza za timatumba ting'onoting'ono tomatirira ku khungu la selo chakumkati. Lero kathumba kotere timakatcha chlorosome. Kutalika kwake ndi pafupifupi mananomita 100 mpaka 200. Kuti timvetse kuchepa kwake, milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Komabe kathumba kamodzi kamatha kusunga mamolekyu a utoto okwana 200,000. Mwa zipangizo zonse zotolera kuwala zimene zikudziwika m'zamoyo, palibe chachikulu kuposa ichi.

Utoto wa m'kathumbamu ndi bacteriochlorophyll, ndipo mitundu yake ikuluikulu ndi itatu: c, d ndi e. M'tsamba, chlorophyll amagwiridwa ndi mapuloteni, molekyu iliyonse pa malo ake. M'kathumbamu sizili choncho. Mamolekyu a utoto amagwirana okhaokha n'kusanjikizana m'mizere yopindika, popanda puloteni yowamangirira. Kupanga mapuloteni kumadya mphamvu zambiri, ndiye bakiteriya wosauka kuwalayu amapeza denga lalikulu pa mtengo wotsika. Kuthithikana kwa mamolekyuwa kumachititsanso kuti mphamvu idutse mwachangu kuchoka pa ina kupita pa inzake.

Si onse a m'banjali amene amaoneka obiriwira. Amene ali ndi mtundu wa c kapena d, pamodzi ndi utoto wothandizira wotchedwa chlorobactene, ndiwo obiriwira. Amene ali ndi mtundu wa e ndi utoto wotchedwa isorenieratene amaoneka abulawuni. Abulawuniwa amagwira bwino kuwala kwabuluu kosakanikirana ndi kobiriwira, kumene kumalowa patali m'madzi, n'chifukwa chake amapezeka pansi kuposa anzawo.

Gawo 4: Ngalande ndi mgolo

Kugwira kuwala pakokha sikupanga chakudya. Mphamvu yogwidwayo iyenera kufika pa malo otchedwa reaction centre, amene ali m'khungu la selo. Apa ndi pamene mphamvu ya kuwala imasandutsidwa mphamvu imene selo ingagwiritse ntchito. Uwu ndiye mgolo wathu.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo funde likatalika mphamvu yake imachepa. Utoto wa mtundu wa c m'kathumba umagwira kuwala kwa mananomita pafupifupi 750. Pansi pa kathumbako pali utoto wa mtundu wa a umene umagwira pa 795. Kenako pali puloteni yotchedwa FMO, imene utoto wake umagwira cha pa 810. Pomaliza pali reaction centre, pa 840. Tikayang'ana manambalawa tikuona kuti malo aliwonse ndi otsikirapo mphamvu poyerekeza ndi a m'mbuyo mwake. Monga madzi atsata kotsetsereka, mphamvu imalowera ku mgolo mosavuta kusiyana ndi kubwerera. Pang'ono pokha ndi pamene pamatayika ngati kutentha.

Dzina loti FMO likuchokera kwa anthu atatu. John Olson anaipeza puloteniyi mu 1962, ndipo Roger Fenna ndi Brian Matthews anaonetsa kapangidwe kake mu 1975. Inali puloteni yoyamba yonyamula utoto wa gulu la chlorophyll imene kapangidwe kake kanaoneka mwatsatanetsatane chotere. Ili ndi zigawo zitatu zofanana. Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti chigawo chilichonse chili ndi mamolekyu a utoto 7, mpaka ofufuza ena anadzapeza kuti alipo 8.

Pali chitetezonso. Okosijeni akalowa, timankhwala totchedwa quinone tokhala m'kathumba timazimitsa mphamvu yogwidwayo isanafike ku reaction centre, kumene ikanapanga zinthu zowononga selo. Zili ngati kupatutsa ngalande pamene madzi a padenga ali akuda.

Gawo 5: Malo awiri amene atiphunzitsa zambiri

Nyanja ya Black Sea, pakati pa Turkey ndi Ukraine, ili ndi madzi apansi opanda okosijeni, odzaza ndi hydrogen sulfide. Pa kuya kwa mamita pafupifupi 100, ofufuza anapeza mabakiteriya abulawuni a banja limeneli. Kuwala kofika pamenepo ndi kochepa kwambiri moti selo imodzi imatha zaka isanagawikane pawiri, pamene mabakiteriya ena amagawikana ola lisanathe.

Mu 2005, J. Thomas Beatty ndi anzake analengeza za bakiteriya amene anamutcha GSB1. Anamupeza pafupi ndi dzenje lotulutsa madzi otentha pansi pa nyanja ya Pacific, kufupi ndi Mexico, pa kuya kwa mamita pafupifupi 2,400. Dzuwa silifika kumeneko. Ofufuzawo anati ayenera kuti amadalira kuwala kofooka kumene kumabwera ndi kutentha kwa dzenjelo. Ngati zili choncho, photosynthesis imatheka ngakhale popanda dzuwa, ndipo malo amene tingayembekezere kupezako moyo ndi ambiri kuposa amene tinkaganizira.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani mabakiteriyawa sangakhale pamwamba pa madzi, ngakhale kuwala kuli kochuluka kumeneko?
2. Tifotokoze m'mawu athuathu ulendo wa mphamvu kuchoka m'kathumba ka chlorosome kufika ku reaction centre. N'chifukwa chiyani manambala aja akukwera pamene mphamvu ikutsika?
3. Kodi kusanjikizana kwa utoto popanda mapuloteni kumamupindulira chiyani bakiteriya wokhala mumdima?
4. Fanizo la denga, ngalande ndi mgolo latithandiza pati, ndipo likuperewera pati?
5. Van Niel anamvetsa za tsamba poyang'ana bakiteriya, ndipo mamolekyu 7 aja anadzapezeka kuti ndi 8. Kodi zimenezi zikutiuza chiyani za mmene tiyenera kugwirira zimene tinaphunzira kale?