Anyezi Wosadyedwa: Kabzalidwe ka Maluwa a Nyengo ya Mphukira ku Britain

Chaka changa choyamba ku Leeds, tsiku lina Loweruka mu Okutobala, ndinaona agogo a nyumba yoyandikana nafe atagwada pabwalo, mphepo ili kuwomba, akukwirira tinthu tonga anyezi m'dothi lozizira. Chamumtima ndinati ukalamba wawasokoneza agogowa. Ndi mlimi wanji wobzala masamba a mitengo akuyoyoka, dzuwa likuthawa, chisanu chili pakhomo? Kwathu timabzala mvula ikagwa, nthaka ili yofunda. Ndinawapatsa moni n'kudutsa.

Pofika Malichi, pakhomo pawo panali chikasu chokhachokha, pathu pali udzu wonyowa ndi mabini a zinyalala. Nditawafunsa kumene anagula maluwawo, anaseka n'kundiuza kuti ndachedwa ndi miyezi 5.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Maluwa ambiri amene amakongoletsa makomo m'nyengo ya mphukira, imene eni dziko amati spring, sabzalidwa m'nyengoyo. Amabzalidwa pakati pa Seputembala ndi Novembala, nthawi imene munthu safuna n'komwe kutulutsa mphuno panja. Malangizo awa ndi a inu amene mukukhala kuno ndipo mwatopa n'kumangosirira pakhomo pa eni.

N'chifukwa chiyani amabzalidwa kukuzizira?

Maluwawa sitibzala njere zake. Amamera kuchokera ku mitu yonga anyezi, imene m'masitolo amalemba kuti bulbs. Mutu uliwonse ndi nkhokwe: muli chakudya chonse chimene chomera chidzadye, ndipo mukadula pakati mutu wa tulip mupeza kaduwa katapangika kale mkati. Ukakwiriridwa mu Okutobala, umayamba watulutsa mizu nthaka isanazizire kwambiri. Kenako umafuna chisanu cha milungu 12 kapena kuposerapo kuti duwa lidzuke. Popanda chisanucho, mumangopeza masamba kapena kaduwa kopinimbira.

Kumudzi timadziwa maluwa ofiira onga mpira amene amangotumphuka m'tchire mvula yoyamba ikagwa, chikhalirecho anagona pansi chilimwe chonse. Khalidwe lake ndi lomwelo, kungoti kwathu chowadzutsa ndi mvula, kuno ndi chisanu. Makolo a tulip ndi a kumapiri a pakati pa Asia, kumene kumazizira koopsa, ndipo duwali linadzera ku Turkey lisanafike ku Netherlands m'zaka za m'ma 1500. N'chifukwa chake kunyamula mitu ya tulip kukabzala ku Salima kapena ku Chikwawa n'kutaya ndalama.

Sankhani maluwa olandirana

Mukasankha bwino, pakhomo panu pakhala maluwa kuyambira Januwale mpaka Juni, ena akamafota ena akuyamba.

- Snowdrop: toyera, tating'ono, timatuluka mu Januwale ndi Febuluwale, nthawi zina chipale chofewa chili mbuu.
- Crocus: tofiirira, tachikasu kapena toyera, mu Febuluwale ndi Malichi. Njuchi zoyamba kuuluka zimatikonda.
- Daffodil: achikasu aja, mu Malichi ndi Epulo. Ndi duwa la fuko ku Wales, kumene amalivala pachifuwa pa 1 Malichi, tsiku la St David.
- Hyacinth: onunkhira kwambiri, mu Malichi ndi Epulo.
- Tulip: amitundumitundu, mu Epulo ndi Meyi.
- Allium: mipira yofiirira pamapesi aatali, mu Meyi ndi Juni. Ameneyu ndiye m'bale weniweni wa anyezi.

Ngati n'koyamba, yambani ndi daffodil. Savuta, amapirira, ndipo amabwerera chaka ndi chaka. Mtundu waufupi wotchedwa Tête-à-tête umachita bwino mumphika ndipo mphepo siuthyola.

Mitu imayamba kupezeka kumapeto kwa Ogasiti m'masitolo a zakumunda ngakhalenso m'masupamaketi. Musakopeke ndi chithunzi cha papaketi, pajatu chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Igwireni monga mmene mumachitira posankha anyezi pamsika. Wabwino ndi wolimba, wolemera m'manja, wouma kunja. Wofewa, wankhungu kapena wopepuka ngati chikwa usiyeni. Mutu waukulu umabereka duwa lalikulu.

Nthawi yobzala

Daffodil, crocus, hyacinth ndi allium abzaleni mu Seputembala kapena Okutobala. Tulip adikire Novembala, chifukwa nthaka ikazizira matenda a nkhungu otchedwa tulip fire, amene amawaula masamba, safala msanga. Snowdrop amagwira bwino mukamubzala ali ndi masamba, atangotha kuchita maluwa mu Malichi, choncho pemphani kachitsa kwa mnansi amene ali naye.

Mukachedwa musataye mtima. Tulip wobzalidwa mu Disembala amachitabe maluwa, bola nthaka isakhale itauma gwa ndi chisanu. Choipa n'kusunga paketi m'kabati kuti mudzabzale chaka chamawa. Mutu si mbewu ya chimanga yoti ingagone m'nkhokwe. Ndi chinthu chamoyo, ndipo ukakhalitsa kunja kwa nthaka umauma kapena kuwola.

Kubzala pansi

Sankhani malo ofika dzuwa kwa theka la tsiku kapena kuposa. Pansi pa mtengo umene umayoyola masamba m'nyengo yachisanu palibe vuto, chifukwa crocus ndi daffodil amakhala atamaliza ntchito yawo mthunzi usanabwerere.

Mdani wamkulu ndi madzi odikha. Madera ambiri kuno, kuphatikizapo London, ali ndi dothi lamakande losunga madzi, ndipo mutu ukakhala m'chithaphwi umawola. Mvula ikagwa, zungulirani pabwalo muone pamene madzi akuima, n'kupewa pamenepo. Ngati dothi lonse ndi lomata, sakanizani ndi kompositi ndi timiyala ting'onoting'ono.

Lamulo la kuya kwa dzenje ndi limodzi: katatu kutalika kwa mutuwo. Mutu wa daffodil wotalika masentimita 5 umafuna dzenje la masentimita 15. Tulip amafuna 15 mpaka 20, crocus 8 mpaka 10. Kubzala pamwamba ndiko kulakwitsa kumene ambiri timachita, chifukwa msana umayamba kuwawa dzenje lisanakwane.

Kosongoka kuyang'ane kumwamba, kophwatalala komwe kumatuluka mizu kukhale pansi. Ngati simukutha kusiyanitsa, ugonekeni cham'mbali, udzapeza wokha njira. Pakati pa mutu ndi unzake siyani mpata wokwana mitu iwiri.

Pano pali chizolowezi chakumudzi chofunika kuchisiya pakhomo: mizere. Tinakula tikubzala pamzere, phando ndi phando, koma daffodil woima mmodzimmodzi ngati ana a sukulu pa asembule saoneka bwino. Kumbani dzenje limodzi lotakata, muikemo mitu 7 kapena 10, n'kukwirira. Akadzaphuka adzaoneka ngati chitsamba chimodzi chodzaza. Mukatha, tsenderani dothi pang'ono ndi dzanja, thirirani kamodzi ngati kuli kouma, ndipo zikani kamtengo kuti musadzakumbepo mwangozi.

Kwa okhala pa lendi: mumphika

Ambiri a ife tilibe bwalo, kapena tili nalo koma mwini nyumba salola kukumba. Mphika umathetsa zonsezo, ndipo posamuka mumangounyamula.

Pezani mphika wakuya masentimita 30 kapena kuposa. Ndowa yakale imagwiranso ntchito mukaiboola mabowo angapo pansi. Mphika wopanda mabowo ndi manda a mitu. Gulani thumba la kompositi wa maluwa, ndipo bzalani mosanjikiza motere:

1. Thirani kompositi wokwana masentimita 10 pansi.
2. Yalani mitu ya tulip moyandikana koma isakhudzane.
3. Kwirirani mpaka nsonga zitabisika.
4. Yalani mitu ya daffodil, n'kukwiriranso.
5. Pamwamba yalani crocus, n'kukwirira ndi masentimita 8.
6. Thirirani mpaka madzi atatulukira pansi.

Za pansi sizitsekerezedwa ndi za pamwamba, mphukira zimakhota zokha n'kudutsa. Mphika umodzi wotere umayamba ndi crocus mu Febuluwale, n'kubwera daffodil mu Malichi, n'kumaliza ndi tulip mu Meyi. Ngati simufuna kuyang'ana dothi lokhalokha miyezi yonseyi, bzalani pansy kapena viola pamwamba, amene amachita maluwa ngakhale kukuzizira.

Mphikawo ukhale panja. Musaumvere chisoni n'kuulowetsa m'nyumba pafupi ndi hita, chifukwa mukatero mwaulanda chisanu chimene ukufuna. Ukhazikeni pa njerwa ziwiri kuti madzi azituluka. Kukalengezedwa chisanu choopsa, usunthireni pafupi ndi khoma kapena ukulungeni ndi chiguduli. Mvula ya kuno imakwanira nthawi zambiri, koma mphika wokhala pansi pa denga la khonde muziupisa chala mlungu uliwonse, ndipo mukapeza pouma thirirani pang'ono.

Agologolo ndi nkhono

Agologolo otuwa a kuno ndi akuba osaopa munthu. Amakonda tulip ndi crocus, ndipo amadziwa pamene pakumbidwa kumene. Yalani waya wa khola la nkhuku pamwamba pa dothi, mupsinje ndi miyala, n'kudzachotsa mphukira zikayamba kuoneka. Makoko a mitu musawasiye pamtunda, fungo lake ndi limene limawaitana. Daffodil ndi allium sawadya, choncho ngati kwanuko agologolo achuluka, dalirani amenewa.

Nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, zimadya mphukira ndi maluwa usiku kukakhala chinyezi. Tulukani ndi tochi madzulo n'kuzitola. Ndi ntchito imene ana amaikonda kuposa akulu.

Chenjezo: izi si ndiwo

Mutu wa daffodil umafanana kwambiri ndi anyezi, ndipo mapesi ake asanamasule amafanana ndi masamba ena odyedwa. Koma chomera chonsecho chili ndi poizoni amene amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba. Anthu akhala akudwala nacho kuno, moti mu 2015 bungwe la Public Health England linalembera masitolo akuluakulu kuwapempha kuti asamaike daffodil pafupi ndi zipatso ndi ndiwo zamasamba.

M'nyumba zathu mumafika alendo: amayi obwera kudzathandiza mwana wakhanda, m'bale wongotsika kumene ndege. Munthu wotere akapeza thumba la mitu kukhitchini, alikazinga ndi tomato mosakayika. Choncho mitu isalowe kukhitchini, isachoke m'paketi yake yolembedwa, ndipo ikhale patali ndi ana. Agalu ndi amphaka nawonso amadwala akatafuna daffodil, tulip kapena hyacinth. Wina akadya mwangozi, imbani 111 kuti akulangizeni, kapena 999 ngati zafika poipa. Pogwira hyacinth valani magolovesi chifukwa amayabwa.

Chenjezo lina ndi la malamulo. Mu Epulo ndi Meyi nkhalango za kuno zimadzaza ndi maluwa abuluu otchedwa bluebell, ndipo mtima umafuna kuzula awiri atatu kukabzala kunyumba. Maluwa amenewa ndi otetezedwa ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981, ndipo kuwakumba kutchire ndi mlandu. Gulani a m'sitolo.

Maluwa akafota

Apa ndi pamene maluwa a chaka chamawa amapangidwa kapena kuphedwa. Duwa likafota, budulani duwa lofotalo lokha kuti chomera chisataye mphamvu popanga njere. Masamba asiyeni kwa milungu 6 kapena mpaka atasanduka achikasu okha. Musawadule, musawamange mfundo, musawatchetche pamodzi ndi kapinga. Amaoneka osalongosoka, inde, ndipo kwa ife amene tinaleredwa ndi tsache la m'mamawa manja amayabwa. Koma masamba amenewo ndi amene akututira chakudya m'nkhokwe ija. Kuwadula msanga kuli ngati kukolola chimanga chisanakhwime.

Pa milungu imeneyi thirani feteleza wamadzi wa tomato kamodzi pa milungu iwiri iliyonse, makamaka kwa za mumphika. Daffodil, crocus ndi snowdrop asiyeni m'nthaka, adzaswana okha. Pakatha zaka 3 kapena 4 mukaona masamba ambiri koma maluwa ochepa, ndiye kuti apanikizana. Fukulani chitsa chonse masamba akauma (snowdrop yekha akadali ndi masamba), gawani mitu monga timagawira ana a nthochi, n'kubzalanso motalikirana ndi mozama. Otsala gawirani anzanu a kutchalitchi. Tulip yekha ndi wosadalirika: mitundu yambiri imachita bwino chaka choyamba n'kufooka pambuyo pake. Ngati mukufuna wobwerera, funani mitundu ya Darwin hybrid, apo ayi muzigula watsopano chaka chilichonse.

Ofuna kuthyola maluwa n'kuika m'nyumba adziwe kuti utomoni wa daffodil umafotetsa maluwa ena. Muikeni m'botolo lakelake.

Kudikira

Ntchito yonseyi ndi ya Loweruka limodzi. Chovuta ndi miyezi yotsatirayo, pamene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, munthu n'kupita kuntchito kuli mdima n'kubwerako kuli mdima, mphika uli duu pakhomo ngati munangokwiriramo ndalama. Musafukule kuti muone ngati zili moyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina mu Januwale, mukutuluka ndi thumba la zinyalala, mudzaona nsonga zobiriwira zitaboola dothi, ndipo mudzadziwa kuti chisanu chayamba kugonja ngakhale thupi likukanabe.

Okutobala wapitayu ndinali chogwada pabwalo pamene mnyamata wina wakwathu, wongofika kumene kudzaphunzira, anaima pampanda n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Ankolo, anyezi ameneyu mukolola liti ndi kuzizira kumeneku?”

“Ameneyu sitidya, mphwanga. Tenga khumi awa ndi ndowa iyo, uiboole pansi. Zotsalazo tidzakambirana mu Malichi.”