Uphungu: Bambo Amene Sakumalizanso Mtanda wa Nsima Chichitidwire Opaleshoni

M'midzi yambiri ya Achewa kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, kuchira kwa wodwala amakuyeza ndi mitanda ya nsima imene wamaliza, ndipo popeza mwamuna wa pa chikamwini amadyera m'manja mwa mkazi wake kumudzi kwa mkaziyo, thupi lake likayamba kutsika maso a abale ake amathamangira kukhitchini asanaganize za kuchipatala. Kalata imene tsamba lino lalandira kuchokera kwa mayi wina wa kudera la Nsaru yagona pa nkhani imeneyi. Mayiwa akuti amuna awo, omwe ndi mlimi wa fodya, anavutika zaka zambiri ndi zilonda za m'mimba mpaka anafika pomasanza chakudya cha dzulo lake, ndipo miyezi iwiri yapitayo anachitidwa opaleshoni mumzinda wa Lilongwe, pamene madokotala anachotsa chigawo chakumunsi cha chifu n'kulumikiza chotsalacho ku matumbo. Bala linapola bwino, koma bambowa sakumaliza ngakhale theka la mtanda, ndipo akamwa thobwa kapena tiyi wa shuga wambiri amatuluka thukuta, mtima umathamanga, amamva chizungulire, mwinanso n'kutsegula m'mimba. Amayi awo a bambowa ndi alongo awo atabwera kudzazonda kuchokera ku Kabudula, anayamba kunong'onezana kuti mwana wawo akumanidwa chakudya, ndipo liwu lakuti tsempho linamveka kuseri kwa nkhokwe. Mayiwa akufuna kudziwa ngati amuna awo adzadyenso monga kale, ngati n'koyenera kuwakakamiza kudya, ndiponso chimene angawayankhe apongozi awo.

Yankho liyenera kuyambira pa chifu chenichenicho. Chifu ndi thumba la minofu limene limalandira chakudya, kuchipera pochisakaniza ndi asidi, kenako n'kumachitulutsa pang'onopang'ono kudzera pa kakhomo kolowera m'matumbo aang'ono, kamene madokotala amakatcha pylorus. Chilonda chikakhalitsa pafupi ndi kakhomoko, chipsera chake chimakafinya mpaka chakudya kulephera kudutsa, ndiye chifukwa chake wodwala amasanza zimene anadya dzulo. Njira yothandizira munthu wotero ndi yakale ndithu, pakuti mu 1881, mumzinda wa Vienna, Theodor Billroth anachotsa bwinobwino chigawo cha chifu cha wodwala, ndipo chaka chomwecho Anton Wölfler, amene ankagwira ntchito pansi pake, analumikiza chifu ku matumbo molambalala khomo lotsekekalo. Patapita zaka, César Roux wa ku Lausanne m'dziko la Switzerland anakonza kalumikizidwe kooneka ngati chilembo cha Y, kamene mpaka lero kamadziwika ndi dzina lake. Chofunika kwambiri kwa mayi wa ku Nsaru ndi chimene chinachitika mu 1966, pamene Edward Mason wa pa yunivesite ya Iowa ku America, ataona kuti odwala zilonda za m'mimba amene anachotsedwa chigawo cha chifu ankadya pang'ono ndiponso sankanenepa, anayamba kuchita dala opaleshoni yofanana nayo kwa anthu onenepa mopitirira muyeso. Opaleshoni imeneyo, yotchedwa gastric bypass, imasiya kathumba kochepa ngati dzira la nkhuku. Choncho kudya pang'ono ndi chotsatira chodziwika bwino chotere, moti madokotala ena amachifunafuna mwadala, ndipo palibe chifukwa chokafufuzira gwero lake m'khitchini ya mkazi. Kusiyana kwake n'kwakuti chifu cha bambowa chinatsala chokulirapo, ndipo cholinga cha opaleshoni yawo chinali chakuti ayambenso kudya, kotero chiyembekezo n'chakuti muyeso wa chakudya udzakwera pang'onopang'ono m'miyezi ikubwerayi, ngakhale kuti kudya mitanda ingapo nthawi imodzi monga kale mwina sikudzabwereranso.

Thukuta ndi chizungulire zobwera pambuyo pa thobwa zili ndi dzina lake kuchipatala, lakuti dumping syndrome, kutanthauza kukhutukira kwa chakudya m'matumbo nthawi imodzi chifukwa kakhomo kochiletsa kaja kulibenso. Chakumwa chotsekemera chikagwera m'matumbo chotero chimakoka madzi kuchokera m'magazi, ndipo pakangotha mphindi 10 mpaka 30 munthu amamva mimba kupota, mtima kugunda mofulumira ndi thupi kulefuka. Palinso mtundu wachiwiri umene umabwera pakatha ola limodzi mpaka maola atatu, pamene shuga wolowa m'magazi mwadzidzidzi achititsa thupi kutulutsa insulin wambiri, amene ndi mankhwala a m'thupi otsitsa shuga, ndiye shugayo amatsika mopitirira mpaka munthu kunjenjemera. Chomvetsa chisoni n'chakuti zinthu zimene mwambo umanyamulira wodwala pomuchitira ulemu, monga Fanta, Sobo, thobwa lothira shuga ndi nzimbe, ndizo zimene zimautsa vutoli, moti abale akamabwera pafupipafupi ndi mabotolo m'chikwama, wodwalayo amaoneka ngati akudwalirabe.

Kuwakakamiza bambowa kumaliza mbale n'kulakwa, ndipo kumangobala kusanza ndi kuopa chakudya. Chimene chiyenera kusintha ndi kagawidwe ka chakudya pa tsiku, kuti m'malo mwa nkhomaliro ndi mgonero zokha pakhale kudya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kulikonse kochepa ngati kapu imodzi ya tiyi, ndipo asiye akangomva kukhuta. Pa mbale ya wodwala wotere dongosolo la masiku onse limatembenuka, chifukwa ndiwo zimene pakhomo zimakhala zongotsitsira nsima ndizo ziyenera kuyamba kulowa, pakuti mnofu ndi magazi zimamangidwa ndi mapuloteni a m'mazira, nsomba, nyemba, nandolo, soya, mtedza ndi nyama, pamene nsima imangodzaza kathumbako msanga. M'mawa angadye phala la mgaiwa lolimbirako, lotendera nsinjiro, lopanda shuga kapena la shuga wongolawitsa; dzuwa likakwera, dzira lowiritsa; masana, nyemba zophika mpaka kuphwanyika ndi kansima kofewa kosaposa chikhatho cha mwana; chakumadzulo, kapu ya chambiko kapena chibenthu cha papaya; usiku, usipa wosinja wothira mu nkhwani wotendera wopsa bwino. Likuni Phala, amene ndi ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya, amathandizanso, ndipo mayi amene analima soya angathe kukazinga yekha n'kukagayitsa limodzi ndi chimanga. Mkaka wamadzi umatsegula m'mimba anthu ena opangidwa opaleshoni yotere, choncho auyese pang'ono kaye.

Pali kachizolowezi kena kamene anthu ambiri sakaganizira. Munthu wokulira pa nsima satafuna kwenikweni, koma amatema mbamu, kuiumba m'manja, kuisunsa mu msuzi n'kumeza, ndipo kupera konse amasiyira chifu. Tsopano popeza chifucho chachepa, ntchito yake yabwerera kumano, moti mbamu iyenera kukhala yaing'ono ngati nsonga ya chala chachikulu, itafunidwe mpaka kusungunuka, ndipo chakudya chochepacho chitenge mphindi 20 kapena 30. Zimenezi sizingatheke podyera mbale imodzi ndi amuna anzawo, pamene wochedwa amapeza ndiwo zatha, kotero bambowa ayenera kukhala ndi mbale yawoyawo, ngakhale ena aziti akudzipatula. Madzi asamwedwe pamodzi ndi chakudya, chifukwa amachikokolola kupita nacho m'matumbo, koma amwedwe pang'onopang'ono tsiku lonse, kusiya theka la ola asanadye ndi theka la ola atadya. Chizungulire chikayamba, kugona chagada kwa kanthawi kumachepetsa vutolo.

Zoti azipewe zilipo zingapo, ndipo zina n'zovuta kwa mlimi wa fodya. Zakudya za ulusi wambiri, monga mango a ulusi, nzimbe, zamkati mwa malalanje ndi masamba okhwima osapsa, zikhoza kuundana m'chifu chopangidwa opaleshoni n'kupanga mpira wotseka njira, pamene chimanga chokazinga ndi nyama yootcha yolimba zimavuta kupera. Mowa umalowa m'magazi msanga kuposa kale, moti kachasu wochepa amene poyamba sankawagwedeza akhoza kuwagwetsa. Kusuta, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe chopichira pakhomo, kumachedwetsa kupola ndiponso kumabutsa chilonda chatsopano pa msoko pamene chifu chinalumikizidwa ku matumbo, ndipo ngozi yomweyo imabwera ndi mankhwala opha ululu amene anthu amagula m'magolosale msana ukawawa pochokera kumunda, monga aspirin, Brufen, Indocid ndi diclofenac. Panado ndiye amene amaloledwa kawirikawiri, pa muyeso wake. Ndi bwinonso kufunsa adokotala ngati bambowa analandira mankhwala opha Helicobacter pylori, kachilombo kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti ndiko kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba, ntchito imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 2005. Za kusenza matumba a feteleza ndi kugalauza, chilolezo chichokere kwa adokotala, chifukwa khungu limapola msanga kuposa minofu ya pansi pake.

Vuto lina limabwera mwakachetechete patapita miyezi kapena zaka. Ayironi, amene thupi limapangira magazi, amalowa makamaka pa chigawo choyamba cha matumbo aang'ono chimene chakudya nthawi zambiri chimachilambalala pambuyo pa opaleshoni yotere, ndipo vitamini B12 salowa m'thupi popanda timadzi tina topangidwa ndi chifu, kotero munthu wotere amatha kuchepa magazi, kufooka, kumva dzanzi m'mapazi, ngakhale akudya bwino. Mankhwala ake ndi mapiritsi a ayironi ndi jakisoni wa B12, amene ena amafunika kumabayidwa moyo wawo wonse. Kuyezetsa magazi sikulira ulendo wa ku Kamuzu Central Hospital nthawi zonse, pakuti chipatala cha St Gabriel ku Namitete ndi chipatala cha Kabudula zili pafupi, ndipo kukwera sikelo kamodzi pa mwezi n'kulembetsa makilogalamu m'kabuku ka kuchipatala kumapereka umboni woposa maso a munthu aliyense. Sikelo ikamatsikabe mwezi ndi mwezi, kapena pakaoneka kusanza kosalekeza, masanzi a magazi kapena obiriwira, chimbudzi chakuda ngati phula, kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'mimba, kapena kukomoka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Nkhani ya apongozi ndiyo yolemera kuposa zonsezi, chifukwa liwu lakuti tsempho, limene ena amati mdulo, silinena za matenda okha koma limaloza khalidwe la mkazi, pakuti chikhulupiriro chake n'chakuti munthu amaonda ndi kutupa chifukwa mnzake wa m'banja waswa mwambo, monga kuyenda njira zina n'kudzathira mchere m'ndiwo. Mayiwa ali ndi chifukwa chomvera kuwawa mtima, komabe kukangana ndi apongozi pabwalo sikungachotse ganizolo, ndipo tsamba lino likuona kuti mayi wokalamba amene akuona mwana wake atatsala mafupa akulankhula chifukwa cha mantha koposa njiru. Choopsa n'chakuti munthu wosowa mapuloteni kapena magazi amatupadi mapazi, ndipo tsiku limene kutupako kudzaoneke abale adzati umboni wa mdulo wapezeka, n'kuyamba kumwetsa wodwala makapu a zitsamba pa nthawi imene akufunika kuyezedwa magazi. Choncho nkhaniyi ikambidwe kutupa kusanabwere, ndipo woyamba kuikamba akhale bambowa eni ake, pakuti mawu akuti chakudya chilipo koma mimba ndiyo ikukana amamveka mosiyana akachokera pakamwa pa mwana wawo. Zikakanika, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo pa ntchito imeneyi, ndipo kuwaitana msanga si kusuma mlandu. Ngati manong'onong'o akhudzanso HIV, banjali lingathe kukayezetsa limodzi, pamodzi ndi chifuwa chachikulu ndi shuga, chifukwa matenda amenewa amaondetsadi ndipo kukhala ndi bala la opaleshoni sikuletsa munthu kudwala china.

Njira imene imagwira ntchito kuposa kufotokoza ndiyo kuwapatsa apongoziwo mbali pa chisamaliro. Akafunsa chimene angabweretse, ayankhidwe mwaulemu kuti, “Amayi, ana anuwa Fanta akuwadwalitsa, koma mazira ndi mtedza ndizo adokotala akufuna,” ndipo akabwera apatsidwe mpata wowaphikira okha phala la nsinjiro, kuti aone ndi maso awo pamene supuni imaimira. Pa tsiku lokaonedwanso kuchipatala, mmodzi wa akuchimuna, kaya alongo awo a bambowa kaya atsibweni awo, akwere nawo minibasi ndi kulowa nawo m'chipinda cha adokotala. Mayiwa anyamule kabuku ka kuchipatala ndi pepala limene alembapo zimene amuna awo anadya masiku asanu ndi awiri apitawo ndi nthawi zimene chizungulire chinabwera, ndipo afunse, wachibaleyo akumva, kuti chifu chinatsala chachikulu bwanji, zotsatira za kachidutswa kamene kanachotsedwa zinati chiyani ngati kanatumizidwa kokapimidwa, ndiponso jakisoni wa B12 ayambe liti.