Kuphunzitsa za Nkhondo kwa Ana Ofunika Chithandizo Chapadera

Chigwa cha Domasi chakhala malo osulira aphunzitsi kuyambira mu 1929, pamene sukulu ya Jeanes inatsegulidwa kumeneko. Lero kuli koleji ya aphunzitsi a sekondale, ndiponso Malawi Institute of Education, kumene amakonza zimene ana a dziko lino ayenera kuphunzira. Nchoyenera tsono kuti ife a kuno, aphunzitsi, akatekisiti ndi makolo, tilingalire funso ili: kodi mwana wosaona, wosamva, kapena wochedwa kugwira phunziro, amene wafika ku sekondale, timphunzitse bwanji mbiri ya nkhondo zazikulu ziwiri zija?

Alipo ena amene amati phunziro limeneli nlolemera, mwana wotere angolilumpha. Ife sitivomereza. Nkhondozo zinatenga makolo ake monga zinatengera makolo a anzake, ndipo kumbisira mbiri ya mtundu wake ndiko kumuika kunja kwa mudzi. Chimene chimamlemera si nkhondoyo ai, koma kaphunzitsidwe kathu. Timayamba ndi maina a mafumu a ku Ulaya ndi mndandanda wa zaka, mwanayo natayika tisanafike nkomwe ku Nyasaland.

Yambani pafupi. Makolo athu anaitcha nkhondo ya 1914 mpaka 1918 kuti Nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti ija yolira mosalekeza. Amuna pafupifupi 19,000 a dziko lino analowa usilikali, koma amene anagwidwa kukasenza katundu, amtengatenga, anali pafupifupi 200,000. Chiwerengero chotere sichinena kanthu kwa mwana wochedwa kugwira masamu. Koma tungani ndowa ya madzi ya malita 20, muiike pakati pa kalasi, ndipo mwana aliyense ayese kuinyamula pang'ono ndi manja awiri, inu mukumgwirira. Pamenepo mumuuze kuti katundu wa mtengatenga ankalemera chotero kapena kuposa, ndi kuti ankamsenza tsiku ndi tsiku, m'mvula ndi m'matope, kuchokera ku nyanja kukwera mapiri a kumpoto, chakudya chili chochepa. Wosaona amva kulemerako m'mikono mwake. Wosamva aona nkhope ya mnzake ikukwinyika. Akatero adzafunsa okha kuti, “Nanga anapitiranji?” Ndipo funso limenelo ndilo khomo la phunziro lonse: msonkho, mphamvu za boma la atsamunda, mafumu amene analamulidwa kupereka anthu, ndi amuna amene ankathawira kutchire usiku.

Zaka musazichulukitse. Zitatu zikwanira poyamba, ndipo muzimange mfundo pa chingwe kuti mwana azizigwira ndi zala. Mfundo yoyamba ndi 1914: pa 13 Ogasiti sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa nyanja yathu, ndipo pa 9 Sepitembala kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Yachiwiri ndi 1915, chaka chimene John Chilembwe anaukira boma mu Januwale, atadandaula kale m'kalata kuti Afirika akufera nkhondo yosakhala yao. Ife Akatolika tisazembe kunena kuti pa kuukirako mishoni yathu ya Nguludi inatenthedwa. Tinenenso poyera chimene chinamuwawa munthuyo. Mfundo yachitatu ndi 1918: ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 Novembala, koma kuno mkulu wa asilikali a Jeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala m'Zambia. Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, imene inafikitsa asilikali athu ku Ethiopia, Madagascar ndi Burma, idikire chingwe chake mlungu wina.

Kuno ku Domasi tili ndi mwai umene mabuku alibe. Gule wa beni, amene abale athu Achiyao amavina, amatsanzira perete wa asilikali, ndi maudindo ake ndi zovala zake. Mwana wosamva akaika dzanja pa ng'oma amamva kugunda kwake, naona mizere ya ovina. Ndiponso Zomba sali patali: pafupi ndi Cobbe Barracks pali nsanja ya njerwa yokumbukira asilikali a King's African Rifles. Amene angathe kupeza galimoto apite nawo anawo akaikhudze. Muwauze kuti asilikali anawamangira nsanja, koma amtengatenga ambiri amene anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chimfine choopsa cha 1918, maina ao sanalembedwe paliponse.

Pali chenjezo limene sitingalisiye. Nkhondo si sewero. Aphunzitsi ena, pofuna kukometsa phunziro, amagawa ana magulu awiri kuti aziomberana ndi timitengo. Anawo amaseka, koma chimene atola nchakuti kupha nkosangalatsa. Ndipo alipo ana ena amene phokoso ladzidzidzi limawazunguza mutu, kotero kuti tsiku lonse sangaphunzirenso kanthu. Oterewa muziwauziratu ng'oma isanalire, ndi kuwalola kukhala chapatali. Za imfa nenani zoona m'mau ochepa ndi odekha, osaonetsa zithunzi za mitembo. Mwana wochedwa kumvetsa kawirikawiri sasiyanitsa zakale ndi zalero, choncho bwerezani kuti nkhondoyo inatha zaka zoposa 100 zapitazo, ndi kuti usiku uno palibe adzabwera kudzagwira atate ake.

Mphunzitsi amene sadziwa zilembo za Braille kapena chinenero cha manja afunse anzake amene anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, kumene amasula aphunzitsi a ana otere. Akatekisiti nawonso ali ndi gawo lao. Novembala ndi mwezi wopempherera mizimu ya akufa, ndiponso ndi mwezi umene dziko limakumbukira ofera ku nkhondo. Tumani anawo akafunse agogo kwao ngati m'banja mwao munali msilikali kapena mtengatenga. Dzina limene mwana abwere nalo, alitchule yekha m'tchalitchi pa mapemphero a akufa, ndi pakamwa kapena ndi manja.